Nyumba Ziwiri, Khoma Limodzi

"Amayi, kodi m'kati mwa khoma muli chiyani?"

Anafunsa ndi Rayén. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi ake ankapukuta mabuku onyowa a mwanayo.

Mumzinda uno wa Osorno mvula sikata. Madzi amalowa pansi pa chitseko. Mabuku a Rayén ankakhala pansi. Ankanyowa, ankauma, ankanyowanso. Buku la mbalame linamatana masamba.

Rayén ankafuna shelefu. Shelefu imodzi yokha.

Amayi anaitana kalipentala. Anthu ankawatchula kuti a Maestro Aliro, kutanthauza mmisiri Aliro. Anabwera ndi thabwa, nyundo ndi misomali.

Iwo anati khomalo ndi la matabwa opyapyala. Kuseri kwa matabwa kuli mizati. Msomali ukalowa mu mzati, shelefu imalimba. Ukalowa popanda mzati, shelefu imagwa.

A Maestro anagogoda khoma. Go, go, go. Anatchera khutu. Mvula inkasokosera pa malata.

Anagogodanso. Go, go, go. Sanamve kanthu.

"Señora Ximena, makutu angawa ndi okalamba ngati denga lanuli," anatero kwa amayi. "Ndikakhoma mongoganiza, kachivomezi kakang'ono kadzagwetsa zonse."

Anapempha kukaona khomalo mbali inayo.

Mbali inayo kunkakhala mayi ena, a Señora Clorinda. Anali okalamba. Ankakhala okha. Nyumba ziwiri, khoma limodzi.

Amayi anakana. Chaka chatha a Clorinda anatenga nkhuni zawo osapempha. Anatengadi. Amayi anawakalipira pamsewu. Anawatcha mbava, anthu akumva. Kuyambira pamenepo panalibe moni.

"Basi, ndikamwere tiyi kwathu," a Maestro anatero. Anayamba kulongedza zida.

Rayén anayang'ana mabuku. Anayang'ana thabwa. Kenako anatuluka pamvula. Anagogoda pakhomo pa a Clorinda.

"Ndani? Ngati mwabwera kudzafuna nkhuni zanu, muno mulibe."

"Ndine Rayén, Señora. Ndikufuna kuona khoma."

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono.

M'nyumbamo munali mozizira. Mbaula inali yozima. A Clorinda anali atavala majasi awiri.

Rayén anayang'ana khoma. Mizati yonse inali poyera. Inkaoneka ngati nthiti. Matabwa a mbali iyi kunalibe.

"Matabwa anapita kuti, Señora?"

"Mu mbaula, mwanangu. Limodzi, limodzi. Amenewo anali anga. Palibe angandinene."

Rayén anathamanga. Anakoka jasi la a Maestro. Iwo anabwera ndi tepi yawo. Anayeza mzati uwu. Anayeza mzati uwo. Sanachitenso nthabwala.

Amayi anabwera kudzatenga Rayén. Anaima pakhomo. Anaona mizati. Anaona mbaula yozima. Anaona majasi awiri aja.

A Clorinda sanawayang'ane.

Masana a Maestro anakhoma shelefu. Msomali uliwonse unalowa mu mzati. Anaikoka ndi manja onse. Sinagwedere.

Rayén anaikapo mabuku. Buku la mbalame analiika pakati. Madzi sangafikenso pamenepo.

Koma Rayén sanavine. Anagwira khoma ndi dzanja. Linali lozizira. Tsopano anadziwa za m'kati mwa khoma. Munali mizati. Munalinso kuzizira.

Dzuwa lisanalowe, amayi ananyamula nkhuni. Rayén ananyamula buledi wamoto. Analowa kwa a Clorinda. Amayi anagwada n'kuyatsa mbaula.

Amayi sanapepese. A Clorinda sanathokoze. Mawu amenewo ndi olemera. Satuluka tsiku limodzi.

Moto unayaka. Madzi anawira. Anamwa tiyi atatu onse. A Clorinda anavula jasi limodzi.

"Aneba, nkhunizi zikatha mugogode khoma," amayi anatero.

"Ndi mvula imeneyi? Ngakhale kalipentala wanu sanamve."

"Ine ndidzamva," anatero Rayén. "Ndimawerenga pafupi ndi shelefu yanga."

A Clorinda anayang'ana mwanayo. Kenako anayang'ana amayi, koyamba tsiku limenelo.

"Ndidzagogoda, Ximena. Koma iwe udzabwere."

"Ndidzabwera," amayi anatero. "Ngakhale kuli mvula, ndidzabwera."