Nsalu Yosefera Mafuta

Pa siteji ya mapikapu panalibe galimoto yotopa ngati ya Chiutsi. Chitseko ankachimanga ndi waya, ndipo dizilo wa pampope anali atamukanika kalekale. Ankangozungulira m'malo odyera kupempha mafuta okazingira otha ntchito. Kuseri kwa nyumba ankawasefa pa nsanza, kuwasakaniza ndi soda ndi sipiriti, n'kudikira kuti zakuda zitsikire pansi. Oyera a pamwambawo ndiwo ankathira m'thanki. Akadutsa, msewu wonse unkanunkhira chiwaya.

"Chiutsi, tigawireko zokazingazo!" anzake ankamuseka.

Kamwana kake kakakazi kokha ndiko kankaikonda pikapuyo. "Ndagi, ababa!" kankatero, n'kuponya chilapi chake osadikira gize. "Ng'ombe yathu sidya udzu, imanyambita miphika ya eni."

"Gize," iye ankayankha, koma maso ali pa mapikapu onyezimira a mlamu wake. Chigubu chake sichinkadzadza, ndipo katundu wopita kutali ankanyamula ena. Nsanje inamudya ngati chiswe.

Tsiku lina analowa m'kachipinda ka kuseri kwa omata matayala, momwe munkakhala sing'anga wa zala zazitali.

"Mafuta ako umasefera chiyani?" anafunsa sing'angayo.

"Nsanza, bambo."

"Nsanza ilibe mwini, n'chifukwa chake sibala. Sefera chovala cha munthu wogona m'nyumba mwako, chosachapa, thukuta lili momwemo. Kapu imodzi idzadzaza mgolo."

"Nanga mwini chovalayo?"

"Wabwera kudzafunsa za mafuta kapena za anthu?" Sing'anga anamwetulira. "Koma ukayamba, thanki isadzaume. Ikadzauma, injini idzasankha yokha pomwa."

Chiutsi anayambira nsalu ya mkazi wake. Mgolo unadzadza mafuta okongola ngati uchi. Anagula pikapu ina, kenako ina, nalemba madalaivala, mpaka mlamu uja anayamba kumupatsa moni ndi manja awiri.

Koma mkaziyo anayamba kuuma. Milomo inang'ambika, mphete inavuka yokha, mafuta odzola ankangolowa m'khungu ngati madzi pa mchenga. Kuchipatala sanapeze kanthu.

"Bambo a mwana, nsalu zanga zikupita kuti?"

"Ndikugulirani zina, mayi. Pumulani."

Pa tsiku la maliro, onyamula bokosi anayang'anana, poti linali lopepuka ngati mulibe munthu. Analikweza pa pikapu yatsopano. Injini italira, kamwana kaja kanakoka malaya a bambo ake.

"Ababa, utsiwu ukununkhira amayi."

Chiutsi anathamangira kwa sing'anga, nagwada. "Ndasiya, bambo. Tengani zonse."

"Ndizitani ine? Ng'ombe ndi zako, ludzu ndi lawo. M'nyumba mwatsala ndani?"

Chiutsi anabwerera kunyumba. Anayesa dizilo wa pampope, ma injini anamulavula. Anasefera zovala zogula pa msika, mafuta anagwirana ngati kandulo. Pamenepo analumbira kuti chovala cha mwana wake sadzachikhudza, nayamba kusefera malaya ake omwe. Koma munthu mmodzi wowonda angamwetse mapikapu onsewo? Nthiti zinaonekera, lamba anatha mabowo, manja analephera kunyamula chigubu.

M'mawa wina sanathe kudzuka. Panja madalaivala ankaimba malipenga, matanki ali pafupi kuuma. Anayesa kukwawa, koma maso anachita mdima.

Atatsitsimuka, anamva ma injini onse akulira mosalala, mokoma, monga sanalirepo chiyambire. Pakhomo panaima kamwana kake, manja ali noninoni, nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

"Gonani, ababa, ndasefa ndine. Ndimakuonani mukamachita. Malaya anu ndinawasowa, ndiye ndasefera diresi langa la kusukulu."

Chiutsi anakuwa kuti azimitse ma injini, koma mawu ake anali atauma ngati gaga. Mapikapu anatuluka pa geti limodzilimodzi, kusiya kautsi konunkhira sopo wa ana.

Kamwanako kanali kochepa thupi, sikanachedwe. Kanafota ngati duwa loiwalika pa zenera.

Mapikapu aja anachita dzimbiri pabwalo, palibe anafuna kuwagula. Pa siteji pamapezeka munthu wosavala malaya, wouma ngati chikuni, amene amagwada kuseri kwa pikapu iliyonse kununkhiza utsi. Akamva fungo la chiwaya amaseka, n'kunong'oneza m'paipi: "Gize, mwanawe. Gize." Amadikira ndagi, koma sibwera.

Mukamuyang'ana ndi chisoni, kumbukiraninso ichi: chuma cha zitsamba sichichokera kumwamba, chimafinyidwa m'thupi la anthu a m'nyumba mwako. Chigubu chosadzadza chinkawadyetsa atatu onse. Dyera linadzaza mgolo, n'kusiya nyumba ili mbee.