Injini Yoimba Likhweru

Vaneti ya bambo Hatibu, galimoto yonyamula katundu, inazima pakati pa msewu ku Kanyama mu Lusaka itasenza makala. Anthu anaikankha mpaka kwa Dixon, makaniko wa m'komboni. Usman, mwana woyamba wa a Hatibu, ankatsatira pambuyo atazolika, poti anzake a kusukulu anali kuonerera ndi kuseka.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Ntchito ya a Hatibu inathera momwemo, ndipo za m'manja zimene anawatsanzika nazo anagulira galimoto yakaleyo. Banja lonse linkadya kuchokera pamenepo.

"Injini iyi yafa, ba Hatibu," anatero Dixon. "Nili nazo zibili, zonse za dizilo. Iyi ni nkhalamba, iyenda monga ng'ombe, koma masipeya yake ali paliponse. Iyi inangu ni ya tabo, yothamanga maningi, yabwela manje kuchoka kunja."

Dixon analiza ya taboyo. Inalira mosalala, kenako n'kuimba kalikhweru. Usman anakoka dzanja la bambo wake.

"Batate, tengani iyi!"

"Ikadwala, tikaipezera kuti mankhwala?" anafunsa bambo wake. Dixon anangokanda m'mutu.

Kunyumba Usman sanaleke kuumiriza. Anakana chakudya. Tsiku lina anatulutsa mawu amene anali kumutentha: "Banzanga bakamba ati vinthu vonse va pa nyumba pano ni vakufa. Nchito yanu inafa, motoka nayo yakufa."

A Hatibu anamuyang'ana. Chichotsedwere ntchito, anali asanaonepo mwana wawo akuwanyadira. M'mawa mwake anapita kwa Dixon nasankha ya tabo.

Masabata oyamba anali okoma. Vaneti inkapitirira maminibasi, Usman ataimirira kumbuyo, malaya akuuluka. Koma dizilo wotchipa wa m'zigubu, amene a Hatibu ankakwanitsa, sanagwirizane nayo. Mvula itagwa Kanyama n'kusefukira, injini inayamba kutsokomola utsi woyera. Kenako likhweru lija linasanduka kukuwa kwa zitsulo, basi zii.

A Hatibu anayenda Lusaka yense ndi kachitsulo kowonongeka ka mu injiniyo m'thumba. Ku Matero anapukusa mitu. Ku Chawama anati mwina ku Joni. Atabwerera kwa Dixon kukafunsa za nkhalamba ija, anapeza inagulidwa kale.

Vaneti inakhala pabwalo, matayala akuphwa, udzu ukumera pansi pake. Amayi a Usman anagulitsa makina awo osokera. Mlongo wake Firdaus, amene ankakhoza bwino masamu, anayamba kukhala pakhomo chifukwa cha fizi. Palibe anamuloza chala Usman, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri.

Loweruka lina anaona bambo wake akutuluka ndi wilibala yobwereka, akupita kumsika kukanyamula katundu wa anthu. Anavala malaya awo oyera a kuntchito, atasitidwa bwino. Msana wawo unali utawerama.

Usman anawathamangira nagwira zogwirira za wilibala.

"Siya, mwanawe. Anzako akuona."

Anyamata analidi pa kiyosiki ya madzi, maso onse ali kuno. Koma Usman manja sanachotse.

"Baone," anatero motsitsa. "Imwe yendani kutsogolo, batate. Munilangize njila."

Gudumu linalira m'matope, awiriwo akulowera kumsika.