Njovu Itatseka Msewu ku Kafue

Fadhila, mwana wa telala wa ku Chawama, anakumana ndi Pumulo pa siteji ya minibasi mvula ikukhuthuka. Pumulo ankayendetsa galimoto yonyamula alendo okaona nyama, ya kampani ina mwa zija zinangobuka boma litamasula malonda.

"Kwelani sista," anatero Pumulo. "Duwa monga imwe siliyenela kunyowa."

Kuyambira tsikulo foni ya Fadhila sinkapuma ndi mauthenga. "Switi wanga, nilibe wina koma iwe. Nizakupeleka ku paki ukaone njovu na maso yako."

Loweruka lina Fadhila ananamiza bambo ake, a Usman, kuti akukaona azakhali ku Chilenje. Anakwera galimoto ya Pumulo ali ndi mantha. Nanga bambo akadziwa?

Koma paki ya Kafue inamuiwalitsa mantha. Nswala zinkadumpha msewu, mvuu zikufwenthera mumtsinje. Pumulo anamugwira dzanja.

"Chaka chino chisanasile nizabwela kwa batate bako. Nalumbila!"

Atangokhota pa mitengo ya tsanya, njovu yaikazi inatulukira ndi kamwana kake. Inatambasula makutu n'kulira mawu oboola m'mutu. Pumulo anati abwerere m'mbuyo, injini n'kuzima. Anapotokola kiyi. Zii! Anapotokolanso. Zii!

Njovu ija inaliyatsa liwiro kulunjika galimoto, fumbi lili koboo.

Pumulo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo, nafa ine! Philomena mukazi wanga! Bana banga bazasala na ndani?"

Njovu inaima pafupi, moti Fadhila anaona ntchentche zili m'maso mwake. Inapukusa mutu, kenako inatembenuka n'kutsatira mwana wake m'tchire.



"Bangati?" anafunsa Fadhila.

"Switi, yenze chabe mantha..."

"Nafunsa kuti bana ni bangati!"

Pumulo anayang'ana chiwongolero. "Babili. Wachitatu ali pafupi kubadwa."

Misozi inatsika yokha. Fadhila anagwira chitseko kuti atuluke, koma akanathawira kuti m'tchire la mikango? Munthu yekhayo womufikitsa kwawo anali wabodza yemweyu.

Injini italira, Fadhila anadumpha mipando n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, kumene amakhala alendo.

"Fadhila, mvela nikuuze..."

"Ba Pumulo," anatero osamuyang'ana, "yendesani motoka. Zina langa musalichule futi."