Mpweya wa Nelia

M'zaka za nkhondo ya ufulu zija, kudziko la eni, Fanizani, mtchona wa ku Nyasalande wokhala mumzinda ku komboni ya Mabutweni, ankagwira ntchito yopukuta helikopita ya mzungu wina, iye nsapato zake zitang'ambika kale. Mzunguyo akauluka, Fanizani ankangotsalira fumbi m'maso. Kaduka kanamudya munthuyu mpaka kuwonda.

Mkazi wake, Nelia, ankagulitsa tomato ku Renkini, pokwerera mabasi, osadandaula. Koma Fanizani anapita kwa Lemson, sing'anga wa ku Makokoba, kukapempha chuma choti naye adzauluke.

"Chouluka chimadya mpweya," anatero Lemson, akumwetulira. "Mapiko ake akamazungulira, mpweyawo uzichoka m'chifuwa cha akazi anu. Mwalola?"

Fanizani anadziuza kuti Nelia ndi mayi wamphamvu, maulendo awiri atatu sangamuphe. Analola, chitsiru cha munthu, napereka mpango wa mkazi wake.

Chuma chinabweradi: basi imodzi, kenako zisanu, kenako sitolo. Mu 1978 mzungu uja, pothawa nkhondo, anatsatsa helikopita yake yakale ija, yamipando inayi, injini yake yolira ngati mluzu. Fanizani anaigula osanenerera, nalemba ntchito woiyendetsa.

Tsiku loyamba kuuluka anazungulira Mabutweni yense akubaibitsa anthu, pamene Nelia anali atagwa pampopi, akupuma mobanika. Ulendo wachiwiri unamugoneka mayiyo mwezi wathunthu. Apo mantha anamugwira Fanizani. Anaphimba chindegecho ndi lona, naulula zonse atagwada. Nelia sanamutukwane ayi, anangosiya kumuyang'ana kumaso.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Ketty, mphunzitsi kutali ku Nkayi. M'mawa wina kunabwera uthenga wakuti basi yomwe Ketty anakwera yaponda bomba, mwanayo akutaya magazi, ndipo msewu asilikali autseka. Fanizani anangoima pakhomo, manja ali kumutu.

"Abambo a Ketty, kachotseni lona uja," anatero Nelia ali pamphasa. "Mpweya wanga munagulitsa kale. Wotsalawu kapatseni mwana wanga."

Fanizani anakwera akulira, podziwa kuti mapiko aja akuzungulira pachifuwa cha mkazi wake. Ketty anamupeza akupumabe, anamunyamula, koma mwanayo anatsirizikira pamiyendo pa bambo ake m'mwamba momwemo, mzinda ukuoneka patsogolo. Pofika kunyumba anapeza mipando itatulutsidwa panja, azimayi akulira maliro a Nelia. Abale a ku Nyasalande anakumba manda awiri tsiku limodzi. Mtima umandipweteka ndikakumbuka mabokosi awiri aja.

Helikopita inachita dzimbiri pansi pa lona, mabasi anatha. Fanizani ankapezeka ku Renkini, pamalo pomwe Nelia ankayala tomato, akuzungulitsa manja m'mwamba, akupempha aliyense wotsika basi kuti amugawireko mpweya pang'ono akabwezere mkazi wake.

Abale, dyera la chuma ndi loipa. Chuma cha zitsamba chimalipidwa ndi moyo wa amene amakukonda, ndipo ukatha moyowo palibe sing'anga angaubweze.