Mtima Wobwereka

Madzulo amenewo Aida ankasankha mbatatesi zambewu pakhonde, kumudzi kwawo kumtunda kwa Kandeu. Mwamuna wake Fanizo adali khale pampando, osagwira kanthu, koma malaya ake ankanjenjemera pachifuwa ngati m'katimo mwabisala kankhuku.

Mtima wa Fanizo udali wothamanga chibadwire. Pamene ankafuna kupita ku Joni, adadziwa kuti dokotala woyeza anthu a ku migodi am'bweza. Ndiye msuweni wake Yoramu, chimphona cha munthu, adaima pamzere kawiri, koyamba m'dzina lake, kachiwiri m'dzina la Fanizo. Dokotala wachizungu uja, poti nkhope zathu ankaziona zofanana, adamvetsera mtima umodzi nalemba anthu awiri. Adapita awiri. Adabwerako Fanizo yekha. Yoramu chimwala chidamugwera mumgodi, nasiya mkazi wake Eliza m'nyumba ya kuseri kwa khola.

Aida adakumbukira mawu a bambo wothandiza adokotala ku boma. "Mayi, mtima ukathamanga munthu atakwera phiri, ali ndi malungo, kapena wachita mantha, musade nkhawa. Koma ukathamanga ali chikhalire, mpweya n'kumachepa, chizungulire n'kubwera, musadikire kuti kuche."

"Bambo a Salome, mukupuma bwino?"

"Dziko likuzungulira," adatero Fanizo, milomo ili mbuu.

Aida adachita mantha. Adam'kweza panjinga imene Fanizo adabwera nayo kuchokera ku Joni, nayamba kukankha. Mdima udawapeza m'njira. Dzanja limodzi lidali pachiwongolero, lina pamsana pa mwamuna wake, ndipo mtimawo ankaumva m'chikhatho. Di-di-di-di, wosapumira.

Atatsikira kudambo adaona kuwala kutsogolo. Sikudali kwa muuni. Kudali m'mwamba, pamene pamakhala chipumi cha munthu wamtali. Kenaka nsapato zolemera, gwa, gwa, zosafulumira. Mphepo idabwera ndi fungo la onga ndi mwala wonyowa.

Njinga idaima yokha.

"Fanizo ndani pano?" adafunsa mawu, monga amaitanira pamzere.

"Musayankhe," adanong'ona Aida.

"Ndine," adatero Fanizo.

Chinthu chija chidawerama, nkhope yosaoneka kuseri kwa nyali yapachipumi ya anthu a mumgodi, nichiika khutu pachifuwa pake. Chidamvetsera nthawi yaitali.

"Msuweni, mtima wanga udaubwereka papepala pokha. Kumene ndiliko ulibe ntchito. Tenga."

Nyali idazima. Padalibenso munthu, achule okha.

M'chikhatho cha Aida kugunda kudasintha. Di. Di. Di. Mwapang'onopang'ono, mwamphamvu. Mayiyo adagwada m'fumbi momwemo nathokoza Mulungu, misozi ili chuchuchu. Fanizo adatsika, nakankha yekha njinga, akuimba likhweru. Aida adadabwa pang'ono, pakuti chikwatirane adali asadamumvepo akuimba likhweru. Koma chimwemwe sichifunsa mafunso.

Ku boma, bambo uja adamvetsera chifuwa kawiri naseka. "Mayi, mwatibweretsera munthu wolimba chonchi? Uyu akhoza kunyamula ng'ombe."

Adafikanso kumudzi madzulo a tsiku lotsatira. Fanizo adadya mbale ziwiri nagona tulo tofa nato. Aida adagonera khutu pachifuwa pake, ndipo kwa nthawi yoyamba kugunda kwapang'onopang'onoko kudam'sowetsa tulo.

M'bandakucha adadzidzimuka, pamphasa palibe munthu. Nkhwangwa inkalira kuseri kwa khola. Adathamangira komweko.

Eliza adali chilili pakhomo pake, dzanja kukamwa. Pabwalo Fanizo ankawaza nkhuni ndi dzanja lamanzere, monga ankachitira malemu Yoramu. Akazi awiri opita kumadzi adali ataima patali, akunong'onezana kuti chobwereka sichibwera chokha, mwini wake amachitsata.

"Bambo a Salome!" adaitana Aida.

Iye adatsamira nkhwangwa, namuyang'ana mwaulemu, ngati mlendo wam'mawa.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Nanga Fanizo, mtima wake uja wagona nawo bwanji?"