Odi Wosayankhidwa

Mukafunsa ku Dzoole konse kuti ndani sadziwa mantha, ngakhale agalu akulozerani kwa ine, Bryson Kamchacha. Fisi ndinamumenyapo ndi pampu ya njinga mpaka anapepesa. Mphezi inandiphonyapo, itachita manyazi n'kukagwera mbuzi ya eni. Koma izi ndikuuzanizi ndi zina.

Mkazi wanga Rakele anatisiya mvula itangoyamba. Mwana wathu Talandira sanamupeze wamoyo. Anali ku Lilongwe ku maphunziro a ntchito, ndipo minibasi inafika amake atatseka kale maso. Amayi a Mvano amene ankadwazika matenda ndi amene anamuuza kuti, "Amako anakusiyira mawu mu foni." Foni ya Rakeleyo inali yakale, ya mabatani, yomanga ndi mphira. Inakana kuyaka. Mwanayo anazungulira nayo kwa okonza onse, ku Mponela, ku Madisi, koma ayi ndithu.

Tsiku lina dzuwa likulowa ndinadzera ku ofesi ya bungwe la alimi, kumene Talandira amayang'anira makompyuta, kuti tibwerere limodzi kumudzi. Ndinamupeza atawerama pa tebulo. Foni yayaka.

"Ababa, musapume n'komwe," anatero. "Ndikukoka mawu a amayi."

Ine ku sukulu sindinapondeko, koma makompyuta ndimawadziwa kuposa amene anawapanga. Mverani. Mu ofesimo muli chikompyuta chimodzi chachikulu. M'mimba mwake mumakhala timakompyuta tina topanda thupi. Simungatigwire, simungatinyamule, koma ntchito timagwira ngati teniteni. Timeneti tilibe nkhokwe yakeyake. Chilichonse chofunika kusunga timachitumiza pa nthambo ku bokosi lina, m'chipinda chokhoma kuseri. Tsono kiyi wa chipindacho anali atapita ku Mponela m'thumba la amanijala.

Mawu analowa mu kakompyuta kamodzi. Foni inafuka kautsi n'kuthimiratu, kununkha pulasitiki wopsa. Nthawi yomweyo kunja kunagunda bingu, magetsi n'kuzima.

Chikompyuta chachikulu chinatsala choyaka, poti chili ndi batire lake. Koma bokosi lakuseri lija linagona. Pa galasi, kamzere kamene kamayenda posonyeza ntchito kanaima pakati penipeni.

"Zimitsa uyatsenso," ndinatero. "Wailesi yanga ndimaichiritsa choncho."

Ndinali nditatambasula kale dzanja. Mwanayo anandigwira pa mkono ngati msampha.

"Musakhudze! Mawu a amayi sanafike ku nkhokwe. Ali m'mutu mwa kakompyutaka basi. Kakazima, apita. Foni mwaiona nokha."

"Nanga si kafa kale?"

"Sikanafe. Kaima. Ndinakakonza kuti nkhokwe ikasiya kuyankha kasataye katundu. Kamangoima pakhomo, mtolo uli pamutu. Pakapita kanthawi ndimadina apa kuti kagogodenso. Kakapanda kuyankhidwa, kamaimanso."

"Ndiye kuti kakuodira."

"Eya, ababa. Kakuti odi, woti lowani palibe. Magetsi akabwera bokosi lidzuka lokha. Chachikulu n'chakuti kasazime."

Asanatseke pakamwa, batire linayamba kulira ngati mwanapiye wotayika. Talandira analiyang'ana, nkhope n'kugwa.

"Ili silifika patali. Kwa a Lester kuli batire la galimoto, lija amaonetsera kanema." Anandigwadira, mwana wamkulu, wa ntchito yake. "Ababa, chonde. Sindinawatsanzike."

Kwa Lester ndi kutsidya. Umatsika phiri, n'kuoloka kamlatho ka mitengo pa dambo. Kunja kunali kutangoda, mvula ikukhuthuka ngati kumwamba kwabooka. Ndinapalasa mwakuti matayala anafuka utsi m'madzi momwemo.

Nditafika pa kamlatho, mphezi inang'anima. Pakati pa mlatho panali munthu.

Mayi. Bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda, zovala za Mvano. Nkhope anaiweramitsa. Mwendo umodzi unali m'mwamba, sunaponde pansi. Manja anawatalikitsa pang'ono, ngati munthu wofuna kuomba pakhomo pa eni. Mphepo inali ikugonetsa chimanga m'minda, koma nsonga ya duku lake osagwedezeka.

"Zikomo amayi, ndidutse nawo."

Zii.

Ndinatsika, n'kukankha njinga cham'mbali, maso pa hendulo. Ndikumudutsa ndinamva fungo. Mankhwala aja opaka, onunkhira bulugama. Rakele ankapaka m'miyendo madzulo alionse.

Kwa Lester ndinafika bwanji, sindidziwa.

"Achimwene, nkhope yatuwa chotere mwaona chiyani?" anafunsa Lester atandiunika ndi tochi.

"Ine kuona? Zinthu ndi zimene zimaona ine n'kuthawa. Bweretsa batire, mwana akulira uko."

"Nanga manjawo akuvina gule wanji?"

"Ndi chisanu. Manga msanga!"

Anamanga yekha pa kaliyala, akuseka.

Pobwerera, pa mlatho panalibe munthu. Ndinaseka mokweza kuti dambo lonse limve kuti Bryson sanaope. Ndinayamba chitunda. Batire linalemera ngati ndabereka ng'ombe. Pafupi ndi chigafa cha fodya cha mpingo, tcheni chinadumpha. Nditawerama kuti ndichibwezere, mphezi inang'animanso.

Ali apo. Kutsogolo kwanga, pakati pa njira, wandifulatira. Manja momwemuja. Koma tsopano m'mwamba munali mwendo winawo.

Wasendera. Akulowera ku ofesi.

Ndinaganiza zotaya njinga n'kulowa m'fodya. Zoona, ndinaganiza. Koma m'makutu mwanga munali kamwanapiye kaja, ndi mwana wanga atagwada pa simenti. Tcheni ndinachisiya chikulendewera. Ndinatsinzina, n'kukankha njinga, ndikuimba nyimbo ya m'buku imene mawu ake sindiwadziwa. Fungo lija linandidutsa kumanzere. Sindinacheuke. Ndinathamanga chitunda chonse, ine nkhalamba, batire kumbuyo, mpweya ukutuluka ngati mvukuto.

Ndinagwera mu ofesi batire lakale likulira mosalekeza.

"Bweretsani! Bweretsani!"

Talandira analumikiza latsopano pambali pa linzake, asanachotse kanthu, zala zikuterera. Kulira kunaleka. Galasi silinazime. Kamzere kanali pomwe paja.

Ndinakhoma chitseko, n'kutsamiritsa benchi. Tinakhala mu mdima, kuwala kwa galasi kokha. Za panjira sindinamuuze.

Patapita kanthawi, Talandira anadina kuti kakompyuta kagogodenso. Kunja, pa miyala ya pabwalo, ndinamva phazi. Limodzi lokha.

Zii.

Anadinanso. Phazi lina. Pa sitepe.

"Mwanawe, leka kukagogodetsa."

"Bwanji, ababa?"

"Ingokasiya kapume."

"Ndikapanda kuyesa ndidziwa bwanji kuti nkhokwe yadzuka?"

Anadina. Thabwa la pakhonde linalira. Fungo la bulugama linayamba kulowera pansi pa chitseko. Talandira anatukula mutu, n'kununkhiza. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga ngati ndikuwerenga malata.

Kenako babu inaphethira, magetsi n'kubwera. Kuseri kwa khoma bokosi lija linatsokomola n'kuyamba kung'ung'udza. Talandira anadikira pang'ono, milomo ikupemphera, n'kudina. Kamzere kananyamuka, kanayenda, kanafika kumapeto. Wotchi ya kakompyutako inali ikuonetsabe nthawi ya dzuwa kulowa. Sikanadziwe n'komwe kuti kunja kwada.

"Afika," anatero, misozi ikutsika. "Alowa m'nkhokwe."

Anatsegula mawu aja. Poyamba kupuma kokha, kwa munthu wotopa. Kenako m'manja munaombedwa. Kenako mawu.

"Odi."

Aliyense wakuno amadziwa mwambo. Kukada, odi sayankhidwa msanga. Umayamba wafunsa kuti ndani, wakunja atchule dzina. Ine ndemwe ndinaphunzitsa mudzi wonse zimenezi. Koma mawu amenewa ndinawayankha moyo wanga wonse, pochokera kumunda, pochokera ku chigayo, pochokera ku Mvano. Pakamwa panathamanga, mutu n'kutsala m'mbuyo.

"Lowani, amake Talandira."

Chitseko sichinatseguke. Benchi silinasunthe. Koma mpando wa amanijala, umene panalibe munthu, unalira ngati wina wakhalapo.

"Zikomo," mawu anatero. "Miyendo inatopa."

Kenako anayamba bwinobwino, monga ankayankhulira ali moyo: "Talandira mwanawe, usadzizunze kuti wachedwa. Ine ndakuona kale mokwanira. Uziwayang'anira atate akowo. Amanama kwambiri, koma mdima amauopa."

Apo anandinamizira, koma akufa sitikangana nawo.

Talandira analira mpaka mtima unatsika. Tinabwerera kumudzi tikukankha njinga. Njira yonse ndinkamva ngati tili atatu.

M'mawa mwake anatsegulanso mawu aja, a Lester ali pomwepo kudzatenga batire lawo. Anayambira pa "Talandira mwanawe." Odi munalibe. Kuomba m'manja munalibe. Za miyendo kutopa munalibe. Ndikamufunsa mwanayo ngati anazimva madzulo aja, amangoti, "Ababa, tiyeni tidye."

Ku Dzoole anthu amanong'ona. Ena amati Rakele anatsakamira pakati pa njira pamodzi ndi mawu ake, sakanapita asanatule mtolo. Amayi a Mvano amati kutula anatula, koma munthu ukamuuza kuti lowani, amatuluka ukamuperekeza, tsono Bryson anaperekeza liti? Lester amati ndinamwa. Lester ndi wabodza, mudzi wonse ukudziwa.

Ine sindiopa kanthu. Kungoti masiku ano Talandira akagonera ku ntchito, m'nyumba ndimakhala ndekha, ndipo ndikamachokera kumunda ndimangokankha chitseko mwakachetechete. Kuodira ndinaleka. Ndinayesapo tsiku lina, mwanthabwala chabe, pakhomo panga pomwe.

Anandiyankha.