Malo Amene Anamusiyira pa Bolodi

Ukwati wa Mabokosi unayambira pa bolodi. Iye mwini amanena choncho mpaka lero, maso ali pansi.

Dzinali anamupatsa ndi ophunzira a pa yunivesite, chifukwa akalowa m'kalasi sankachedwa kudzaza bolodi ndi mabokosi a manambala ondandalikidwa m'mizere, aja akatswiri amawatcha mamatrikisi. Anali mphunzitsi wa fizikisi, ndipo kafukufuku wake anali wofuna kudziwa chimene chimachitika mabokosi otere akamakula, kukulabe, mpaka munthu osathanso kuwalemba.

Tsiku lina masana, mzere wa masamu utamukanika, anausiya uli pakati n'kupita kukamwa tiyi. Pobwerako anapeza mtsikana wa ku dipatimenti ya masamu ataima pa bolodi lake, choko chili m'manja, akumaliza mzerewo.

"Chemwali, bolodi limenelo lili ndi eni ake."

"Eni akewo analisiya likulira," anayankha osatembenuka n'komwe. "Apa mwasinthanitsa A ndi B ngati manambala a kusitolo. Kapena tiyi ndiye anali kukuitanani?"

Pa masamu a tsiku ndi tsiku, zitatu kuchulukitsa ndi zisanu n'chimodzimodzi zisanu kuchulukitsa ndi zitatu. Koma alipo masamu ena amene choyamba ndi chotsatira zikasinthana malo, yankho limasintha, monga mmene kuchapa malaya n'kuwasita kumasiyanirana ndi kuwasita n'kuwachapa. Mtsikanayo ankafufuza aljebura ya mtundu umenewo. Ankati aljebura yotere ili ndi maonekedwe ake, ina yosalala bwino yopanda makwinya, koma maso sangaione. Njira yoionera n'kuika mabokosi a manambala m'malo mwa zilembo, ang'ono poyamba, kenako okulirapo, ndipo bokosi lililonse limaonetsa chithunzithunzi chake. Pogwira ntchitoyi ankalemba zilembo mozungulira ngati mikanda ya m'khosi, motero anzake ankamutcha Namikanda.

Namikanda ankadziwa kutunga mikandayo. Mabokosi ankadziwa kuiyeza kulemera kwake mabokosi akakula kwambiri. Chimene wina analibe, mnzake anali nacho. Anayamba kugwirira ntchito pa bolodi limodzi ndi choko chimodzi: wina akafika pamene nzeru zake zathera, ankangotambasula dzanja osalankhula, mnzake n'kulandira choko n'kupitiriza. Mabokosi amati mawu akuti "ndimakukonda" anabwera mochedwa, choko chitanena kale zonse.

Atakwatirana anakhoma kabolodi kukhitchini, pambali pa firiji. Mwana wawo wamkazi atabadwa anamutcha Kadontho, chifukwa Namikanda ankaseka kuti aljebura yake imasowa madontho, ndiye Mulungu wamupatsako limodzi. Amayi ake a Namikanda, amene ankakhala nawo kuti aziyang'anira mwana, ankadandaula akupukuta tebulo: "Nyumba ino ngakhale mchere ukukoma choko. Apongozi, mudzandikwirira ndi fumbi loyerali ine."

Zinali zaka zokoma. Mulungu aziwakumbutsa zimenezi onse awiri.

Kenako Mabokosi anasankhidwa kukhala mkulu wa dipatimenti. Masiku ake anathera m'misonkhano, m'mayeso, m'milandu ya ophunzira. Pamene iye ankasaina mapepala, mkazi wake ankalowerabe mkati mwa masamu ake, n'kumatulukamo ndi mawu atsopano. Mabokosi anayamba kugwedeza mutu pa zinthu zimene sanazimve.

Loweruka lina m'mawa, kukhitchini kuja, Namikanda analemba mizere ingapo, n'kutambasula dzanja monga mwa nthawi zonse. Mabokosi analandira choko. Anayang'ana bolodi, ndipo kwa nthawi yoyamba sanadziwe cholemba.

"Ndaiwala, pali foni yoti ndiimbe," anatero, n'kuika choko pa firiji.

Panalibe foni. Panangofunika mawu ochepa: sindikumva, tandifotokozera. Koma manyazi a mwamuna wophunzira ndi khoma lalitali, ndipo amene walimanga ndiye woyamba kutsekeredwa kuseri kwake. Kuyambira tsiku limenelo Mabokosi ankathawa choko ngati khala la moto.

Chaka chotsatira kunabwera mlendo wochokera ku yunivesite ina, mnyamata wofufuza zamasamu, woonda, woseka msanga. Ankalemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zake zitapendekera kumbuyo, ndiye sabata isanathe anali kale Wamanzere. Atangofika anagogoda pa ofesi ya Mabokosi.

"Bwana, ndingakubereni kanthawi? Ndili ndi mafunso pa ntchito yanu."

"Ndili ndi msonkhano, achimwene. Tsiku lina."

Anabweranso kangapo, ndipo nthawi zonse msonkhano unalipo. Mabokosi ankaopa kuti mnyamatayo angamufunse chinthu chimene sangathe kuyankha. Mapeto ake Wamanzere anayamba kugwira ntchito ndi Namikanda m'kachipinda ka misonkhano ka pamwamba, mmene munali bolodi lalikulu lokhala ndi chitsulo choikapo choko m'munsi mwake. Ankatseka chitseko ndi kiyi kuti aphunzitsi ena asawafufutire.

Pa dipatimentipo panali mphunzitsi wina amene nkhani sinkagona m'kamwa mwake, anzake ankamutcha Wailesi. Tsiku lina m'chipinda cha tiyi anamukhalira pafupi Mabokosi, akutakasa shuga pang'onopang'ono.

"Akulu, paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kameneka kakumeta mutu wa yani?"

"Ukunena chiyani, iwe?"

"Ine? Palibe. Ndangodutsa pamwamba paja, chitseko chokiya, mkatimo zii! Kenako kuseka. Masamu ake oseketsa choncho ine sanandiphunzitse."

Onse anaseka, naye Mabokosi anaseka. Koma anthu ataweruka anatenga kiyi wa mkulu wa dipatimenti n'kukwera pamwamba.

Mwamuna wina akanafufuza fungo la mafuta onunkhira kapena mauthenga a pa foni. Mabokosi anangoima n'kuwerenga bolodi. Mikanda ya mkazi wake inali ponseponse. Koma mzere uliwonse unayamba ndi zilembo zoongoka zimene ankazidziwa ngati nkhope ya mwana wake, n'kuthera m'zilembo zopendekera kumbuyo. Pena mkanda umodzi, theka dzanja ili, theka dzanja lina. Iye ankadziwa bwino kumene zoterezi zimathera, pakuti ndi mmene iyeyo anapezera mkazi. Pansi, kudzanja lamanja, panali malo aakulu opanda kanthu, ozunguliridwa ndi mzere. Anawaona, koma sanawaganizire.

Kunyumba anadikira kuti apongozi alowe kuchipinda ndi mwana.

"Choko chija unamupatsa eti?"

"Choko chiti, bambo a Kadontho?"

"Usandiyese mwana! Ndaona bolodi. Iwe uyambe, iye amalize. Ndi zinanso amakumalizira?"

Namikanda anaika mbale pansi pang'onopang'ono. "Mwatukwana mayi wa mwana wanu. Munthu uja ndimagwira naye ntchito. Ndakuitanani kangati? Pa bolodi paja pali malo anu, takusiyirani dala. Bwerani mawa mudzaone."

"Mwandisiyira! Ngati fupa la galu? Inu awiri mwadya nyama, ine ndidzakukute chotsala?"

"Nanga ndichite chiyani? Ndikakupatsani choko mumaimba foni. Mwasanduka mlendo pa bolodi lanu lomwe. Chavuta n'chiyani, amuna anga? Tandiuzani."

Khomo loti anene zoona linatseguka pamenepo, ndipo Mabokosi amavomereza kuti analiona. Mkazi wake anali atatambasula dzanja lopanda choko. Koma iye anamenya tebulo. "Ine sindifuna chifundo chako!"

Nsanje ndi mlendo amene salowa m'nyumba yekha. Amadikira kuti manyazi amutsegulire, kenako amakhala pa mpando wa mwini nyumba. Mabokosi ankadziuza kuti akuopa kulandidwa mkazi, pomwe chimene chinkamudya usana ndi usiku chinali choti munthu wina akumva zimene iye wasiya kumva.

Naye Namikanda analakwa pamene anayamba kubisa. Potopa ndi mikangano, Loweruka ankati akupita kokonzetsa tsitsi, chonsecho akupita kukamaliza ntchito, chifukwa nthawi yoti mlendo abwerere kwawo inali itayandikira. Tsiku lina anabwera tsitsi lili momwemo, fumbi loyera lili pa siketi. Mabokosi sanafunse. Amayi ake a Namikanda ndiwo anamukokera pambali mwana wawo: "Mwanawe, bodza laling'ono limabala lalikulu. Amuna akowa maso awo sakundisangalatsa."

Loweruka lotsatira Mabokosi anamutsatira mkazi wake. Dzuwa linali pamutu, makonde a yunivesite opanda anthu. Chitseko cha pamwamba sichinali chokiya. Anachikankha pang'ono.

Mkazi wake anali akulemba mothamanga, nkhope ikuwala mmene inkawalira kale. Anaima pakati pa mzere, n'kutambasula dzanja osatembenuka. Wamanzere analandira choko.

Mabokosi akuti sakumbukira mmene anadutsira pakati pa mipando. Amangokumbukira kuti mnyamatayo atamuona anamwetulira.

"Aa, bwana! Mwabwera? Ndiye mwafika nthawi yake, taonani apa..."

Anali akumupatsa choko. Mabokosi anamugwira pa kolala ndi manja onse awiri n'kumukankhira ku bolodi ndi mphamvu zonse za miyezi imene anakhala akudzidya. Mnyamatayo anapunthwa pa mpando, nkhongo yake n'kumenya chitsulo choikapo choko. Phokoso lake silinali lalikulu. Anatsetsereka n'kukhala pansi ngati munthu wotopa, choko chikadali m'dzanja lamanzere.

"Mayo ine! Mwatani? Bambo a Kadontho, mwatani?"

Mabokosi yemweyo ndiye anamunyamula kutsika naye masitepe, ndiye anayendetsa galimoto, akupemphera mokweza njira yonse. Wamanzere anamwalira kuchipatala tsiku lotsatira, asanatsegulenso maso.

Ku khoti kunabwera amayi ake a malemu, atavala zakuda, atakhala kutsogolo osalira n'komwe. Wailesi anachitira umboni kuti iye ankangocheza. Apolisi anabweretsa chithunzi chachikulu cha bolodi lija, ndipo woweruza, atachiyang'ana nthawi yaitali, anafunsa Namikanda:

"Mayi, ine masamu awa sindiwadziwa. Koma bolodi lonse ndi lodzaza, kupatula apa. Malo awa ndi a chiyani?"

"Ndi a amuna anga, bwana woweruza." Analoza chithunzicho. "Ife awiri tinatunga mikanda yonse, koma kuiyeza pa mabokosi aakulu sitinkatha. Amene amatha ndi iwowa. Mzere wozungulirawo anajambula ndi malemu. Ankati anawerenga ntchito za amuna anga akadali pa sukulu, ndipo anabwera kuno chifukwa cha iwo, osati ine. Ankati, 'Mayi, tisafufute pamenepa, msonkhano wa bwana tsiku lina udzatha.'"

Mabokosi anakweza maso n'kuyang'ana chithunzicho, kuwerenga mizere yotsikira ku malo opanda kanthuwo. Nthawi ino anawerenga ndi maso a mphunzitsi, osati a nsanje. Ndipo pomwepo, ali m'bokosi la oimbidwa mlandu, anadziwa cholemba. Sizinali zovuta. Inali ntchito imene ankaichita ali mnyamata, ya masana amodzi.

Woweruza anamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu mosakonzekera, n'kumulamula kukakhala kundende zaka khumi. Anati khoti laona kuti anathamangira naye kuchipatala, koma moyo wa mwana wa eni subwerera chifukwa woutaya walira.

Namikanda sanamalize ntchito ija. Anachotsa kabolodi kukhitchini, ndipo pa khomapo panatsala mabowo anayi a misomali amene Kadontho amafunsa kuti ndi a chiyani. Kundende amapitako mwa apo ndi apo, atatenga mwana. Amalankhula za sukulu, za nsapato zimene zachepa, za kuthamanga kwa magazi kwa apongozi. Za masamu salankhula.

M'chipinda chake cha kundende, Mabokosi amanyowetsa chala n'kulemba pa simenti mizere ija imene inayenera kulowa m'malo opanda kanthu. Asanafike kumapeto, koyambirira kumakhala kutauma. Amayambiranso. Anzake a m'chipindamo amamuseka kuti aphunzitsi akuwerengera masiku, iye amangolembabe.

Munthuyu anaphunzitsa ana a anthu kwa zaka zambiri kuti pali zinthu zimene choyamba ndi chotsatira sizisinthana malo. Akanafunsa kaye, dzanja lake silikanauka. Iye anayamba ndi dzanja, funso n'kubwera pambuyo, woyankha atagona kale m'manda. Ambuye amene amaona mitima achitire chifundo mayi amene anatumiza mwana wake kukaphunzira n'kulandira bokosi, achitire chifundo mkazi ndi mwana otsala, ndipo ngati chifundocho chingatsaleko, achigwetsere ndi pa simenti paja, pamene munthu akulembabe yankho limene palibenso amene akulidikira.